Kulira kwa gwape

Tsiku lina madzulo, magetsi atathima, mwana wanga wamwamuna anabwera pakhonde pomwe ndinkapitidwa mphepo nandionetsa kanema wa pafoni. M'kanemamo munali bambo wina wa ku America ndi kamnyamata kake ka zaka ngati 12, onse atavala majekete owala ngati nachesi lakupsa, akukwawa pansi pa mitengo ya paini. Patsogolo pawo panaima chinyama chimene kwawoko amachitcha elk, chachikulu ngati ng'ombe, nyanga zake ngati nthambi za mtengo wouma. Kamnyamatako kanatsamiritsa mfuti pamwala, kenaka phuu! chinyama chija khu pansi. Bambo uja anakumbatira mwana wake, onse awiri misozi ili chuchuchu.

"Adadi, kodi inuyo munaphapo nyama?"

"Zambirimbiri," ndinatero ine, osaphethira n'komwe.

Linali bodza, ndipo popeza mwanayo tsopano akudziwa zoona zake, palibe chifukwa choti ndikubisireni inu. Pofika tsiku limenelo, kupatula nkhuku za pa Khirisimasi ndi mbewa za paubwana, ndinali nditapha nyama imodzi yokha basi, gwape, m'chaka cha 1984. Ndipo sindinamuphe bwino.

Kwathu ndi ku Neno, kumtunda kuja kumene kumazizira mpaka tirigu ndi mbatata ya kachewere zimalola. Masiku amenewo Neno sanali boma payekha. Tinkawerengedwa ku Mwanza mpaka 2003, ndipo ukanena m'tauni kuti umachokera ku Neno, anthu ankayang'ana kaye nsapato zako kuti aone fumbi. Koma tchire linalipo. Mitengo ya tsamba, mombo ndi masuku inali yowirira kuyambira kuseri kwa minda mpaka kutsetsereka kulinga ku Lisungwi, ndipo agwape, akasenye, mbawala ndi nguluwe sizinali nyama za m'buku la sukulu ayi. Nguluwe tinkalimbana nazo chaka ndi chaka pa chinangwa.

Amene ananditenga ku uzimba wanga woyamba anali amalume, achimwene awo a mayi anga. Anali munthu wamfupi, wa dazi, wosuta chingambwe, wosakonda kulankhula. Anali ndi mfuti ya gogodera imene ankaibisa kudenga, koma ine sanandilole kuigwira ngakhale tsiku limodzi. Ndinali ndi zaka 13 pamene anauza mayi anga, osati ine, kuti: "Mlongo, uyu mawa ndikupita naye." Mayi anangoti, "Mwini wake ndinu." Nkhani inathera pomwepo.

Uzimba unkachitika chilimwe, chimanga chili m'nkhokwe, udzu utauma, ndipo sunali wa munthu mmodzi. Amfumu ankayamba adziwitsidwa, kenaka anyamata ankayenda madzulo kumema amuna a midzi itatu kapena inayi. Usiku wa tsikulo amuna onse ankagona pabwalo, kutali ndi akazi awo, chifukwa ankati munthu wotentha amathawitsa nyama ndiponso amavulazitsa anzake. Ine ndinagona cha kumapazi kwa amalume, ngati kunali kugona. Pakati pa usiku ndinawapeza ali tsonga, akunola mkondo, ndipo poona kuti ndili maso anayamba kulankhula ngati akuuza mkondowo. Anati mkondo suponyedwa kumene kwamveka mawu a munthu, ngakhale nyama ikudutse pamphuno penipeni. Anati kutchire sitiitanana maina, timaimba likhweru. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa atha, kenaka anaonjeza kuti nyama yoyamwitsa ndi ya bere timaipatsa njira, chifukwa imeneyo ndiyo nkhokwe.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira. Panjira amalume ankaima apa ndi apo, n'kutapa phulusa m'kathumba kamene anamangirira m'chiuno, n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo. Kutacha anandigwira pakhosi n'kundiweramitsa pamchenga wa m'khwawa. "Ichi n'chiyani?" Ndinati mbuzi. Anandimenya kambama ka kunkhongo. Phazi la mbuzi ndi lobuntha, lotambalala, la nyama yoyenda mosasamala chifukwa ili ndi mwini wake. La gwape ndi laling'ono, losongoka, zikhadabo zake zopanikizana. Mpaka lero ndikaona mapazi a mbuzi m'matope a ku Chilomoni, kunkhongo kwanga kumakumbuka.

Maukonde a khonje anatambasulidwa pamtsetse, kuchokera pamwala waukulu mpaka kuchulu, atakolekedwa pa timitengo tosalimba kuti nyama ikagunda ukonde uigwere. Anyamata ambiri anatumizidwa kutali ndi agalu kuti azibwera akumenya udzu ndi kukuwa. Ine ndinkayembekeza kupita nawo, pakuti imeneyo ndiyo inali ntchito ya oyamba kumene. Koma amalume anandiika kumapeto kwa ukonde, kuseri kwa chitsamba, n'kundipatsa chibonga. "Ikagwa apa ndi yako. Pamutu, kamodzi." Iwo anakabisala cha pataliko pang'ono.

Inu amene simunakhalepo pa ukonde simudziwa kutalika kwa ola limodzi. Nyerere zinkandiluma m'matako koma sindikanatha kudzikanda. Phokoso la anyamata linayamba ngati la msika wakutali, n'kumayandikira. Kalulu anadutsa, n'kupyola pansi pa ukonde. Nkhwali zinauluka. Kenaka udzu unagawikana, ndipo ndisanadziwe chimene chikuchitika, gwape anali m'ukonde pamaso panga, akugubuduzika.

Palibe amene anandiuza kuti gwape amalira. Ndipo salira ngati nyama. Amalira ngati khanda limene lapsa ndi phala. Ndinaimirira, chibonga m'mwamba, manja osatsika. Ndinamva amalume akukuwa, "Menya! Menya iwe!" Ndinatsinzina n'kumenya, ndipo chibonga chinagwera pamsana. Kulira kunakula. Ndinamenyanso, paphewa. Kachitatu sindikudziwa pamene ndinamenya. Amalume anafika, anandikankhira kumbali, ndipo ndi nkhwangwa yawo anachita kamodzi kokha, kuli zii. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti kabudula wanga wa sukulu wanyowa, ndipo si thukuta.

Amalume anayang'ana kabudulayo. Anatenga chiguduli cha madzi n'kunditsanulira onse kuyambira pachifuwa mpaka kumiyendo, ngati akundiziziritsa. Anthu atafika anangoti, "Mphwanga wapha." Mwambo unali woti amene wayamba kulasa ndiye mwini nyama, womaliza amangolandira gawo, kotero sananame kwenikweni. Ananditenga pamapewa amuna amene dzulo lake sankadziwa n'komwe dzina langa. Tinalowa m'mudzi dzuwa likadalipo, tikuimba, amayi akululutira. Mwendo umodzi unapita kwa amfumu, wina kwa eni ukonde, chiwindi anandiotchera ine, zotsala anapereka m'manja mwa mayi anga anthu onse akuona. Za kabudula uja amalume anapita nazo kumanda. Koma panjira yobwerera, titatsalira m'mbuyo awiriwiri, anandifunsa ngati kulira kuja kunandilowa m'mimba. Ndinavomera, ndikuopa kambama kena. Iwo anati, "Eya. Tsiku limene kudzasiye kukulowa, udzabweze chibonga."

Chaka chotsatira ndinali kalikiliki ndi mayeso, kenaka sekondale, kenaka tauni. Sindinapitenso.

Musandimve ngati ndikunena kuti makolo athu anali angelo. Ngoma ndi mphalapala zimene agogo ankasimba zinatha ife tisanabadwe, ndipo sanazimalize ndi azungu okha. Moto wa alenje unkapsereza mapiri athunthu chifukwa cha akalulu awiri. Lamulo lija la nyama yoyamwitsa ambiri ankalikumbukira m'mimba mukakhala mokhuta. Komabe panali maso a anthu. Munthu sukanapha mwakabisira chifukwa nyama inali ndi miyendo ya eni ake, ndipo mwana sankayamba yekha. Ankayamba pali wamkulu pambali pake woti amumenye kunkhongo ndi kumutsanulira madzi.

Zimene zinachitika pambuyo pake mukuzidziwa. Nkhondo ya ku Mozambique inatibweretsera abale athu othawa, oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo ena anakhala kwathu konkuno, ku Luwani ndi m'midzi ya m'malire. Anthu ochuluka chotero amafuna nkhuni, mitengo yomangira ndi ndiwo. Mtendere utabwera mu 1992 anthu anabwerera kwawo koma mfuti zina zinatsala. Kenaka anabwera makala. Aliyense amene anadutsapo pa Zalewa anaona matumba aja atandanda m'mbali mwa msewu ngati asilikali pa perete, ndipo tisanamizane, ogula ndife a m'tauni. Mbaula ya kunyumba kwanga yadya mitengo ya kwathu yochuluka kuposa imene nkhwangwa ya amalume inadula moyo wawo wonse. Maukonde anaola m'madenga. M'malo mwake munabwera waya wa buleki ya njinga, umene sufuna midzi inayi, sufuna amfumu, sufuna kugona pabwalo. Umangofuna munthu mmodzi wodziwa kupinda khwekhwe ndi njira imene nyama imadzera pokamwa madzi.

Lamulo nalo linasintha. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, mpaka zaka 30 kundende kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Gwape si njovu, koma kumusaka popanda laisensi ndi mlandu ndithu, ngakhale kuseri kwa munda wako. Ku America kuja kumene mwana wanga ankasirira, kamnyamata kaja sikanangodzuka n'kutola mfuti. M'madera ambiri a dzikolo mwana amayamba waphunzira za kagwiridwe ka mfuti ndi malamulo a ulenje, amagula chiphaso chonena nyama yoti aphe ndi nyengo yake, ndipo jekete lowala lija ndi loti mlenje mnzake asamuyese nyama. Nyama zawo zimene zinatsala pang'ono kutha cha m'ma 1900 zinabwereranso mwa njira imeneyo. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha: mkondo suponyedwa kumene kwamveka mawu a munthu, nyama ya bere timaipatsa njira. Amalume anga, amene sanaponde m'kalasi, akanakhoza mayeso amenewo.

Tsono mu Julayi 2024 mlongo wanga anandiimbira foni. Chinali chaka cha chilala chija, chimene boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Sanayambe ndi za chimanga monga ndinkayembekezera. Anati mwana wake wachisamba, wa zaka 15, wasiya sukulu ali Sitandade 8, akuyenda ndi amuna ena otchera mawaya mpaka kunkhalango ya boma ya Tsamba, ndipo wawamva akupangana zotsetsereka ndi mtsinje wa Wamkulumadzi mpaka ku Majete. Bambo wake wa mwanayo anapita ku Joni kalekale ndipo foni yake inasiya kugwira.

"Achimwene, ku Majete anthu samabwerako chimodzimodzi," anatero. "Ine wandikulira. Mwini wake ndinu."

Mawu omwe aja, patapita zaka 40. Ndipo ankanena zoona za Majete. Nkhalango imeneyi inali itatheratu, njovu yomaliza itaphedwa cha m'ma 1992, koma kuyambira 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi boma, anaitchinga ndi mpanda wa magetsi, anabweretsa zipembere, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndi alonda amene sagona. Mwana wa zaka 15 wolowa kumeneko ndi waya m'thumba akapanda kukumana ndi alonda akumana ndi njati.

Nzeru imene ndinaipeza inali ya munthu wa muofesi. Ndinati sukulu zikatsekera ndipita ndi mwana wanga, ndiwatenge awiriwo kukasaka monga anandichitira amalume, koma zazing'ono zokhazokha, mbewa ndi ntchenzi za m'madimba, popanda moto, popanda waya. Wa m'tauniyo aone tchire lenileni, wa kumudziyo amve mawu a malume wake ali pamalo pamene mawu amamveka. Mkazi wanga anandiyang'ana mimba n'kufunsa ngati ndikatenge mankhwala a BP.

Tinanyamuka m'mudzi m'bandakucha tsiku lina Loweruka mu Ogasiti, ndi makasu awiri, chibonga chimene ndinabwereka, ndi agalu awiri a mlongo wanga, Tilekeni ndi Danger. Ndinali nditakonza ngakhale kathumba ka phulusa. Nditaima n'kuliwaza m'mwamba mwaulemu wake wonse, mphwanga anadikira kuti ndimalize, kenaka anati motsitsa mawu, "Amalume, mphepo ya m'mawa kuno imatsika ndi khwawa masiku onse. Imatembenuka dzuwa likafika apo." Analoza ndi mlomo. Ndinabweza kathumba kanga m'thumba.

Zinapitirira chomwecho. Pamene ndinkakumbukira kuti panali mitengo ya masuku panali zitsa ndi mabala akuda a mauvuni a makala. Mwala waukulu uja wa ukonde ndinaupeza uli pakati pa munda wa nandolo. Ndinaweramitsa anyamatawo pamchenga kuti ndiwaonetse phazi la gwape, mphwanga n'kunena kuti limenelo ndi la kamwana ka mbuzi ka kwa aneba, ndipo atandionetsa ndinaona kuti akunena zoona. Akanakhala wopanda mwambo akanandibwezera kambama kaja. Mwana wanga naye ankayenda ngati ng'ombe yomangidwa belu, nsapato zake zoyera zikuswa kamtengo kalikonse, foni ili m'mwamba kufuna netiweki. Msuweni wake ankamuyang'ana ndi chifundo chimene timayang'ana nacho odwala.

Pa mbewa pokha m'pamene ndinapezako ulemu. Tinapeza una watsopano m'munda wa mapira, ndipo mphwanga atakumba pang'ono anafuna kulowetsa dzanja. Ndinamugwira mkono. Pakhomo pa unawo panalibe timapazi, dothi linali losalala ngati pakokedwa chingwe. Tinatokosa ndi mtengo wautali, ndipo chimene chinatuluka sichinali mbewa. Agalu anabwerera m'mbuyo, ifenso chimodzimodzi, njoka n'kulowa m'mapesi. Mphwanga anandiyang'ana mwa mtundu wina kuyambira pamenepo. Pauna wachiwiri tinapeza akapuku asanu ndi awiri, ndipo mwana wanga anapha mmodzi ndi chipanthi cha khasu atamuphonya kanayi. Anamunyamula kumchira, akunjenjemera ndi kuseka nthawi imodzi, nati timujambule. Ndinaganiza kuti tsiku latha bwino, ndipo ndinayamba kukonza m'mutu mawu oti ndilankhule tikakhala pamthunzi.

Tisanakhale, Tilekeni anaimika makutu n'kuyamba kulowera kukhwawa. Mphwanga anamuitana mwaukali, kawiri, katatu. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinamuyang'ana mnyamatayo ndipo anagwetsa nkhope.

"Kuli chiyani kumeneko?"

"Palibe, amalume."

Kenaka tinakumva. Zaka 40, koma m'mimba mwanga munazindikira msanga kuposa makutu. Mwana wanga anati, "Adadi, kuli mwana akulira."

Gwapeyo anali pansi pa mkuyu, pakanjira kotsikira kumadzi. Khwekhwe linalinga khosi koma linagwira mwendo wakumbuyo, ndipo m'mene anakhala akudzikoka usiku wonse, waya unali utadula mnofu mpaka fupa, fupalo litathyoka. Pansi ponse pozungulira panali popalasidwa. Anali wamkazi. Sindinafune kuyang'ana kumimba kwake koma ndinayang'ana, ndipo mawere anali odzaza.

"Timumasule, adadi. Timutengere kwa dokotala wa ziweto."

Sindinamuyankhe. Kumasula nyama ya mwendo wotero ndi kuipereka kwa agalu ndi afisi kuti aidye ili moyo. Ndinatembenukira kwa mphwanga. Ndinamufunsa ngati waya ndi wake, anavomera ndi mutu. Ndinamufunsa kuti wagwirapo angati chiyambire, anati atatu, uyu wachinayi. Ndiye ndinamupatsa chibonga n'kunena kuti amalize ntchito yake, popeza akuidziwa.

Sanachilandire. Anati, "Amalume, ine ndimawapeza atafa kale."

Anafotokoza, maso ali pansi, kuti akatchera amadikira masiku awiri kapena atatu. Akamva kulira ali patali amabwerera, n'kudzabweranso mawa lake. Mmodzi anamupeza ataola, sanatolepo kanthu. Amuna amene anamuphunzitsa kupinda waya anamuuza za mtengo wa mwendo umodzi pamsika, koma za ichi palibe anamuuza. Mlenje amene mayi ake ankaopa kuti akathera ku Majete anali asanayang'anepo nyama m'maso.

Mwina pamenepa munthu wanzeru akanachita zina. Ine ndinamufumbatitsa chibongacho m'manja n'kumukankhira kutsogolo. "Pamutu, kamodzi." Anachikweza. Gwape anasiya kulira n'kumuyang'ana, mphuno ikunjenjemera. Manja a mnyamatayo anakhala m'mwamba. Ndinadzimva ndikukuwa mawu a munthu amene anamwalira mu 2001, "Menya iwe!" koma sanamenye, anangoyamba kulira mosatulutsa mawu, mamina ndi misozi pamodzi, chibonga chili m'mwamba chomwecho.

Ndinamulanda. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinachita kamodzi monga amalume. Ndinachita kawiri. Koyamba dzanja linanjenjemera ndipo ndinamenya pakhutu.

Kutakhala zii, tonse atatu tinakhala pansi. Madzi oti nditsanulire munthu analipo m'botolo, koma panalibe wofunika kumubisira kanthu, kupatula mwina ine. Ndiye ndinawauza za 1984, zonse, ndi za kabudula zomwe. Mwana wanga anati, "Koma munati zambirimbiri." Ndinati ndinanama. Mphwanga anapukuta kumaso ndi malaya nafunsa ngati amalume angawo anandimenya chifukwa cholephera. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati ine ndikawauza mayi ake kuti analira. Ndinati ayi.

Mawu aja ndinakonza a ubwino wa sukulu ndi kuopsa kwa ndende sindinawalankhule. Ndinangomuuza kuti andionetse mawaya ena onse. Tinayenda m'khwawamo mpaka dzuwa kupendeka, iye patsogolo, ndipo tinazula asanu ndi anayi. Pa lachisanu ndi chimodzi tinapeza mafupa ndi ubweya wa chinthu chimene sichinkadziwikanso kuti chinali chiyani. Atati atha ndinamuyang'ana nthawi yaitali, iye n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndinadziwa kuti alipo ena awiri kapena atatu amene wasunga. Sindinamukakamize. Kunyumba kwa mayi ake nkhokwe inali pululu kuyambira Juni, ndipo ine amene ndimadya katatu patsiku ndinalibe nkhope yomuuzira kuti njala si chifukwa.

Mwana wanga sanapite nafe kozula mawaya. Nditamuuza kuti gwape amabisa mwana wake m'udzu akamapita kukadya, anatenga Danger pachingwe n'kuyamba kufunafuna chitsamba ndi chitsamba, nsapato zoyera zija zitasanduka zofiira. Anafuna mpaka mdima. Tinachita kumukoka.

Nyamayo sitinaisiye, ndisakunamizeni. Tinaikulunga m'thumba la feteleza, n'kuika pakati pa mtolo wa nkhuni, n'kudikira kuti kude. Tinalowa m'mudzi kudzera kuseri kwa makhola, mmodzimmodzi, agalu titawagwira pakamwa. Panalibe nyimbo, panalibe mwendo wa amfumu, ndipo ndikudziwa bwino lomwe kuti pamaso pa lamulo thumba limenelo linali mlandu wanga, osati wa mwana. Mlongo wanga anatsegula thumba, anayang'ana mwendo wa waya uja, anayang'ana mwana wake, anayang'ana ine. Sanafunse kanthu. Anatseka chitseko cha khitchini n'kuyamba kunola mpeni.

Usiku umenewo ana ang'onoang'ono a mlongo wanga anadya mpaka kugona ndi mafupa m'manja. Ine ndinadya. Mphwanga anadya nthuli imodzi n'kusamba m'manja. Mwana wanga, amene ku Chilomoni sakhudza ngakhale bonya, anakankhira mbale ya nyama kutali n'kudya nsima yake ndi kapuku amene anapha yekha, ubweya wowauka ndi mutu womwe.

Ndisanabwerere ndinagula matumba awiri a chimanga, yunifolomu ndi makope, ndipo tinagwirizana kuti mphwanga abwereze Sitandade 8. Ndinalonjezanso anyamata awiriwo kuti ndidzawatengera ku Majete kudzera pageti, ndi tikiti, akaone mphalapala imene agogo awo ankangoisimba. Lonjezo limenelo sindinalikwaniritsebe. Mafuta a galimoto mukuwadziwa. Mawaya asanu ndi anayi aja ndinabwera nawo kuno. Mkazi wanga anawalumikiza n'kupanga chingwe choyanikapo zovala kuseri kwa nyumba, ndipo akuti n'cholimba kuposa cha kusitolo.

Kanema wa elk uja mwana wanga sanandionetsenso. Koma tsiku lina ndinamupeza ataweramira matope kuseri kwa mpanda, akuuza kamng'ono kake kuti phazi ili ndi la mbuzi chifukwa ndi lobuntha.

Mlongo wanga anaimbanso chakumapeto kwa chaka chomwecho, mvula itayamba. Anati mnyamata akupita kusukulu, osati masiku onse koma akupita, ndipo amuna a ku Majete aja sakuwayenderanso. Tinakambirana za feteleza, za denga la khitchini limene likudontha, za maliro a kutsidya. Nditati nditsanzike anati, "Achimwene, china." Anakhala kaye chete, ndikumva nkhuku kumbuyo kwake. Kenaka anati njinga yake ija, imene amapitira kuchigayo, waipeza m'mawa ilibe waya wa buleki ya kumbuyo.